Nyumba ya cimela ikasanduka nyumba yogonamo: phunzilo kwa ife a ku Kafue Estates

Palibe mwana wa mlimi amene sadziwa cimela. Tinakula tikuona amai athu akuviika cimanga, mapila kapena mawele mumtsuko, kenaka n'kuyala mbeuyo pa saka m'cipinda ca mthunzi ndi kuifundika masamba a nthoci mpaka tumizu toyela titatuluka. Ikamela amaiyanika padzuwa, amaisinja kapena kupita nayo ku cigayo, ndipo ufa wake ndiwo umatsekemeletsa thobwa limene timamwa pa cikwati, pa dima ndi pa cikondwelelo ca parishi. Nchito yonseyi imafuna zinthu zitatu: madzi oviikila, malo ozizila odutsa mphepo omeletsela, ndi kutentha koumitsila.

Kuno kwathu dzuwa ndi lambili, motelo cimela ca pakhomo sicifuna nyumba yake-yake. Koma ku England, kumene dzuwa limaoneka mwa apo ndi apo ndipo mowa wa balele unali malonda aakulu, anthu anamanga nyumba zapadela za nchito imeneyi, zimene pa Cingelezi amazicha malthouse. M'nyumba zambili zotele nchito ya cimela inatha kale, ndipo lelo mukugona mabanja.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya ku England itikhudza bwanji ife a ku C5, C6 ndi C7, kapena alimi a ku Chanyanya ndi ku Shimabala. Itikhudza cifukwa nafenso tikucita zomwezo. Kusowa kwa nyumba kwacititsa kuti sitolo ya fataleza, khola la nkhuku, galaji ndi shedi ya cimanga zisanduke zipinda za lendi. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu aja amayamba afufuza kuti nyumbayo inamangidwila ciani, pamene ife kawili-kawili timangopaka laimu, kuika citseko ndi loko, basi munthu alowe ndi ana ake.

Nchito ndiyo inajambula pulani

Munthu akaona nyumba ya cimela ali patali amaizindikila msanga. Ndi yaitali, ya njelwa kapena miyala, ya nsanjika ziwili, zitatu kapena kuposelapo, ndipo mawindo ake ndi ang'ono-ang'ono, ondandalikana pa mzele mofanana. Kumapeto kwake kuli cipinda ca mtenje wosongoka, ndipo pansonga pake pali kacisoti kotulutsila utsi. Zonsezi sanaziike kaamba ka kukongola ai. Ciliconse cinali ndi nchito yake.

Balele ankayamba wakwezedwa m'masaka kupita ku nsanjika yapamwamba kumene kunali kouma. Kucoka kumeneko ankatsikila m'thanki ya miyala kapena ya citsulo, mmene ankaviikidwa masiku awili kapena atatu. Akafufuma ankamuunjika, kenaka n'kumumwaza pansi posalala, ndipo anchito ankamutembenuza ndi mafosholo a mtengo tsiku ndi tsiku kuti mizu isalukane komanso kuti asatenthe. Mbeu yomela imatulutsa kutentha, monga adziwila aliyense amene anapisapo dzanja m'saka la cimela. N'cifukwa cake zipupa zinali zocindikala ndipo mawindo anali ang'ono, okhala ndi timatabwa totsegula ndi kutseka, kuti mphepo izilowa pa muyeso wake koma dzuwa lisalowe. Mbeu inkamela bwino pa madigili pafupi-fupi 15, kotelo kuti kale nchitoyi inkagwilidwa m'miyezi yozizila yokha, kuyambila ca mu October mpaka ca mu May, ndipo m'miyezi yotentha anchito ambili ankapita kukathandiza m'mafamu.

Siling'i inali yotsika kwambili, mamita awili kapena kucepelapo, yongokwanila munthu wowelama ndi fosholo. Pakati pa cipinda panali mizati ya citsulo kapena ya mitengo yonyamula nsanjika yapamwamba, popeza mbeu yonyowa imalemela.

Balele akamela, patapita mlungu umodzi kapena iwili, ankamukankhila ku ng'anjo, cipinda ca mtenje wosongoka cija. Pansi pake ankasonkha moto wa malasha osafuka utsi wambili, ndipo pamwamba pa motowo panali matailosi obooka timabowo tambili-mbili pamene ankayalapo mbeu. Mpweya wotentha unkadutsa m'timabowo, kuumitsa cimela, n'kutulukila pa kacisoti kaja, kamene pa nyumba zambili kankatembenuka kufulatila mphepo kuti utsi usabwelele mkati. Mbeu inkalowela ku mapeto amodzi n'kutulukila ku mapeto ena, ndiye cifukwa cake nyumbayo ndi yaitali.

Ngakhale boma linali ndi dzanja pa pulani imeneyi. Kuyambila mu 1697 mpaka mu 1880 cimela cinali ndi msonkho ku England, ndipo okhometsa msonkho ankabwela kudzapima mbeu ikali m'thanki ndi pa mulu. Motelo thanki ndi malo ounjikila zinayenela kumangidwa mwa njila yakuti kupima kukhale kosavuta.

Makina atabwela

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 akatswili a ku France anatulukila njila yomeletsela mbeu m'mabokosi aakulu ndi m'migolo yozungulila, mmene makina amauzila mphepo ndi kutembenuza mbeu caka conse. Pang'ono-pang'ono nyumba zakale zinayamba kutsekedwa, ndipo pofika m'ma 1960 zambili zinali zitaleka nchito. Zatsala zowelengeka cabe, monga ya m'tauni ya Warminster, yomangidwa mu 1855, kumene akali kutembenuza balele pansi monga kale. Nayo fakitale ya cimela imene kampani ya Zambian Breweries inatsegula mu 2017 ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, yogula balele kwa alimi a m'dziko muno, ndi ya makina ndi matanki a citsulo.

Nanga nyumba zotsekedwa zija zinatha bwanji? Tichule ziwili.

M'tauni ya Sleaford kampani ya mowa ya Bass inamanga nyumba za cimela 8 pa mzele umodzi pakati pa 1901 ndi 1907. Nchito inaleka mu 1959. Pambuyo pake zina ankawetelamo nkhuku, moto waukulu unaononga mbali ina mu 1976, ndipo kwa zaka zambili nyumbazo zakhala pa mndandanda wa nyumba zakale zimene zili pangozi. Nyumba yopanda wokhalamo imakalamba msanga, pakuti palibe woona pamene mtenje wayamba kudontha.

Ku Snape, m'mbali mwa mtsinje wa Alde, nchito ya cimela inaleka mu 1965. Katswili wopeka nyimbo Benjamin Britten ndi anzake anatenga nyumba yaikulu pamalopo n'kuisandutsa holo yoimbilamo, imene Mfumukazi Elizabeth II inatsegula mu 1967. Holoyo inapsa mu 1969, anaimanganso n'kuitsegula mu 1970, ndipo mtenje wake ukali ndi maonekedwe a nyumba ya cimela. Nyumba zina pa malo omwewo zinasanduka masitolo ndi mafulati okhalamo anthu. N'cimodzi-modzi m'matauni a Ware ndi Mistley, kumene mabanja akukhala m'zipinda zimene kale munali kumela balele.

Zokomela mbeu sizikomela munthu

Kusandutsa nyumba yotele si nchito yapafupi. Mbeu imafuna mdima, munthu afuna kuwala. Mbeu imafuna cinyontho, munthu cimamudwalitsa. Siling'i yotsika siivutitsa balele, koma munthu wamtali amagunda mutu ku mtanda.

Amisili odziwa nchito amayamba ayendela nyumba yonse kuti asiyanitse zoyenela kusunga ndi zoyenela kusintha. Kumene siling'i yatsikitsa amacotsa nsanjika imodzi, kapena mbali yake, kuti cipinda cikhale cacitali. Popeza nyumbayo ndi yotakata ndipo pakati pake pamakhala mdima, amatsegula mpata kucokela pa mtenje n'kuikapo magalasi kuti kuwala kutsikile mkati. Mawindo amawakulitsa potsatila mzele wakale, m'malo moboola cipupa paliponse. Mizati imene ikali kunyamula katundu saicotsa ngakhale itaima pakati pa cipinda cocezela. Ng'anjo, pokhala yaitali, imasanduka malo a masitepe kapena cipinda cocezela, ndipo kacisoti ka pamwamba kamasungidwa, nthawi zina kuti kazitulutsabe mpweya wotentha. Pansi amakumba n'kuyala cochinga cinyontho asanathile simenti yatsopano. Njelwa zakale zimene zinamangidwa ndi laimu amazikonzanso ndi laimu, cifukwa simenti yolimba imatsekela cinyontho mkati mpaka njelwa kuyamba kufumbutuka. Ndipo popeza zambili mwa nyumbazi zinalembedwa m'kaundula wa nyumba zakale, mwini wake sangazisinthe asanatenge cilolezo.

Zotsatila zake n'zakuti banja limapeza nyumba youma, yowala ndi yolimba, pamene wodutsa pa mseu akali kuzindikila kuti pano panali nchito ya cimela.

Tauni yathu nayo inabadwa ndi nchito

Tibwele kwathu tsopano. Ulalo wa njanji pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906, wautali mamita 427, ndipo katauni kanamela pafupi ndi sitesheni. Dziko litalandila ufulu mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale cifukwa ca madzi a mtsinje, njanji, mseu waukulu ndi magetsi a ku Kafue Gorge. Kudzela mu kampani ya boma ya Indeco kunabwela fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles ndi ya fataleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Pulani ya tauni yatsopano inajambulidwa ndi kampani ya a Constantinos Doxiadis a ku Greece, omwe anajambulanso mzinda wa Islamabad ku Pakistan ndi tauni ya Tema ku Ghana. Monga mmene nyumba ya cimela inajambulidwila balele, Kafue Estates inajambulidwila wanchito wa pa fakitale ndi banja lake limodzi.

Koma zinthu zinasintha. Pa kalembela wa 1969 dziko lonse linali ndi anthu opitilila pang'ono 4 miliyoni, pamene pa kalembela wa 2022 tinapezeka tili 19.6 miliyoni. Kuyambila mu 1996, mu ulamulilo wa a Frederick Chiluba, nyumba zambili za makhonsolo, za boma ndi za makampani a boma zinagulitsidwa kwa okhalamo. Fakitale ya nsalu inaleka kuluka m'zaka za m'ma 2000, ndipo ya fataleza inacepetsa anchito. Kwa ambili amene anasiya nchito, cuma cimene cinatsala m'manja ndi nyumba ndi kapuloti kake. Ana anakula, adzukulu anabwela, ndipo ofuna zipinda za lendi ndi ambili. Ndiye n'zosadabwitsa kuti kanyumba kalikonse kamene kali ndi zipupa zinai kakuyang'anidwa ndi diso la lendi, muno mu Estates, ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi m'mafamu otizungulila.

Ife sititsutsa zimenezi. Cipupa cimene caima kale ndi ndalama, ndipo kucigwetsa n'kutaya njelwa, simenti ndi thukuta la amene anamanga. Cimene tikunena n'cakuti safunsa anadya phula. Tisanalowetse munthu, tiyambe tadzifunsa mafunso amene amisili a nyumba za cimela amadzifunsa.

Mafunso asanu

Loyamba: kodi m'nyumbamo munali ciani? Fataleza akakhala zaka pa simenti, mcele wake umalowa pansi ndi m'njelwa. Mcele umenewo umakoka cinyontho, umasupula pulasitala ndi kudya zitsulo, ndipo penti saucotsa. Pansi potelo pafunika kugumula ndi kuthila pena. Coopsa kwambili ndi sitolo imene munali mankhwala a thonje, a dibi kapena ophela udzu, maka-maka ngati anatayikila pansi. Mwana wokwawa amaika m'kamwa ciliconse. Cipinda cotelo asanagonemo munthu aitanidwe woyang'anila za umoyo wa ku khonsolo kapena mlangizi wa zaulimi, ndipo ngati fungo silikutha cikhalebe sitolo. Komanso munthu asagone pansi pa mtenje umodzi ndi masaka a cimanga amene aikamo mapilisi ophela anankafumbwe, cifukwa mpweya wocokela m'mapilisi amenewa umadutsa m'ming'alu ndipo umapha.

Laciwili: mphepo ilowela kuti, nanga itulukila kuti? Khola la nkhuku limamangidwa ndi cipupa cacifupi ndi waya kuti mphepo izidutsa. Tikalisandutsa nyumba timatseka ponse ndi mabuloko n'kusiya kawindo kamodzi, kapena osasiya n'komwe poopa akawalala. Mu October cipinda cotelo cimatentha ngati uvuni pansi pa malata. Mu June ndi July wokhalamo amalowetsa mbaula n'kutseka citseko, ndipo mpweya wa malasha, umene ulibe fungo kapena mtundu, umamupha ali m'tulo. Ng'anjo ya cimela ikutiphunzitsa kuti mphepo ilowele munsi, itulukile kumwamba. Amisili ambili amatsatila muyeso wakuti mawindo a cipinda akwanile gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pake, ndipo pamwamba pa windo ndi citseko pakhale njelwa za mabowo.

Lacitatu: n'ciani cikunyamula mtenje? Pano tilankhule ndi alimi a fodya, pakuti balani youmitsila fodya, yonga zimene timaona ku Chipata, ku Choma ndi ku Kalomo, ndiye m'bale weni-weni wa ng'anjo ya cimela. Nayo ndi yaitali, ili ndi moto munsi, mapaipi otenthetsela, ndi potulukila mpweya pamwamba. Utali wakewo ndi mwai cifukwa cipinda cacitali cimazizila bwino. Koma zipupa za balani zambili ndi zopyapyala, ndipo mitengo yopingasa yopacikapo fodya imathandiza kuzigwila. Ukacotsa mitengo yonse n'kuboola windo lalikulu wosaika mtanda wa konkile pamwamba pake, cipupa cimang'ambika, ndipo mphepo ya mvula yoyamba ingacigwetse. Kuboola cipupa cakale ndi nchito ya mmisili, si ya mnyamata wa ganyu wokhala ndi hamala.

Lacinai: madzi apita kuti? Tauni yathu ili m'cigwa pafupi ndi mtsinje, ndipo malo ena amasunga madzi m'dzinja. Shedi ya katundu kawili-kawili imamangidwa popanda pulasitiki yochinga cinyontho, ndipo pansi pake pamalingana ndi bwalo. Masaka ankakhala pa mitengo, koma munthu wosauka amayala mphasa pansi. Pansi pakwezedwe, ndipo kunja kukumbidwe ngalande. Tisaiwalenso cimbudzi. Cimbudzi cimene anakumbila mlonda mmodzi sicingakwanile mabanja asanu. Kolela ya mu 2023 ndi 2024, imene inacititsa kuti bwalo la masewela la National Heroes ku Lusaka lisanduke cipatala, inationetsa mtengo wa kuculukana pamalo opanda zimbudzi ndi madzi abwino.

Lacisanu: mtenje ndi wa ciani? Nyumba ndi mashedi ambili a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anafoleledwa ndi malata a asbestos. Akakhala osasweka ndipo osakhudzidwa ngozi yake ndi yocepa. Koma kuwaceka ndi makina, kuwaboola kapena kuwapala ndi bulashi ya waya kumatulutsa fumbi limene limakhazikika m'mapapo, ndipo matenda ake amaonekela patapita zaka 20 kapena kuposelapo. Zidutswa zake zisakhale zosewelela ana kapena zoikapo mphika pamoto.

Lamulo ndi cikumbutso

Pali malamulo awili oyenela kuwadziwa. Lamulo la mapulani a matauni ndi madela la 2015 limafuna kuti munthu atenge cilolezo asanasinthe nchito ya nyumba kapena ya malo, mwacitsanzo kucoka pa sitolo kukhala nyumba yogonamo. Kuno kwathu poyambila ndi ku khonsolo ya Kafue. Ena amaona ngati n'kutaya nthawi, koma nyumba yosinthidwa popanda cilolezo ingagwetsedwe, ndipo imavuta poigulitsa kapena poigawa kwa ana mwini wake akamwalila. Lina ndi lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission. Limateteza nyumba zomangidwa caka ca 1924 cisanafike, pamodzi ndi zina zimene boma lazilengeza kukhala zikumbutso za dziko. Amene ali ndi nyumba yakale yotele pa famu kapena pa mishoni afunse ku bungweli asanagumule ciliconse.

Zitsanzo za nyumba zakale zimene zinapatsidwa nchito yatsopano tili nazo pafupi. Nyumba yosungilamo zakale ya ku Choma ili m'nyumba imene inali sukulu m'zaka za m'ma 1920. Ya zakale za njanji ku Livingstone ili m'mashedi a sitima a kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills. Ku Blantyre m'dziko la Malawi, Mandala House, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ikali kulandila alendo. Nyumba za muno mu Estates n'zazing'ono pa msinkhu, zangopitilila zaka 50, koma ndizo zikunyamula mbili ya nthawi imene dziko lathu linaluka nsalu yake ndi kupanga fataleza wake. Zimene adzukulu athu adzaone zidalila mmene ife tikuzisinthila lelo.

Kwa akhristu anzathu

Maparishi ndi mipingo yambili ili ndi nyumba zimene zangokhala: chalichi yakale imene inasiyidwa itamangidwa yatsopano, kanyumba ka cigayo cimene cinafa, sitolo ya kopaletivu. Pa nthawi imodzi-modziyo katekisiti alibe pogona, mai wamasiye akuthamangitsidwa pa lendi, ndipo mphunzitsi watsopano akugona m'kalasi. Kupatsa anthu otele nyumba ndi nchito ya cifundo. Koma cifundo cisakhale cakuti wosauka alandile cipinda cimene ife eni sitingagonemo usiku umodzi. Iye sadandaula cifukwa alibe kwina kopita, ndiye udindo wofunsa mafunso asanu aja uli pa komiti ya parishi ndi pa eni nyumba.

Tikupempha kuti pa msonkhano wa mphakati kapena wa kopaletivu ukubwelawu mulembe nyumba zonse zimene zangokhala m'dela lanu. Itanani mmisili wodziwa nchito ndi woyang'anila za umoyo aziyendele pamodzi ndi akulu-akulu amene akumbukila zimene zinkasungidwamo. Yoyenela kukonza ikonzedwe bwino ndi cilolezo, yoyenela kukhala sitolo ikhalebe sitolo.

Amai athu sayala cimela pena paliponse. Amayamba aona ngati pamalopo padutsa mphepo, ngati sipadontha, ngati sipanatayikile palafini. Ngati timasamala conco poyala mbeu ya thobwa, tisamale koposa poyala mphasa ya mwana wa mnzathu.